Chipere ndi matenda ena a fangasi pakampu pano: amachokera kuti, nanga bwanji amangobwererabwerera?

Ndine mmodzi mwa anthu ongodzipereka amene timathandiza pachipatala cha pakampu pano. Ntchito yanga ndi kulondolera anthu pamzere, kumasulira pamene wodwala ndi dokotala sakumvana chinenero, komanso kuyendera mabanja m'mazoni. Sindine dokotala. Zimene ndalemba pano ndi zimene ndimaona pamzere, pamodzi ndi zimene a zaumoyo anatiphunzitsa kuti tizifotokozera anzathu.

Tsiku lina kunja kukutentha kwambiri, mayi wina anabwera ndi mnyamata wake wa zaka 7 atavala chipewa chokhuthala. Atamuvula tinapeza kuti mbali imodzi ya mutu yatupa, yafewa ndipo ikutuluka mafinya. Mayiyo anati zinayamba ngati kachipere kakang'ono. Poyamba anapaka mafuta a buleki ya galimoto monga anamuuzira mnzake, kenako kwa miyezi 2 ankapaka mankhwala a m'kachubu ogula pamsika. Mwanayo anachira atamwa mapiritsi a kuchipatala, koma pamene panatupa kwambiri patsala chipsera chachikulu ngati chitsekero cha botolo, ndipo tsitsi silinamerenso. Titafika kunyumba kwawo tinapeza kuti azing'ono ake awiri nawonso ali ndi chipere m'mutu, kungoti chawo chinali chisanatupe.

Mayiyu si wosasamala ana. Anachita zimene ambiri a ife timachita. N'chifukwa chake ndaona kuti ndi bwino tikambirane nkhaniyi bwinobwino.

Kodi fangasi ndi chiyani?

Tonse timadziwa chuku chimene chimamera pa nsima yogona kapena pa mtedza wosauma bwino. Timadziwanso bowa amene amamera mvula ikagwa. Zonsezi zili m'gulu limodzi la zamoyo lotchedwa fangasi. M'gulu lomweli muli tina tosaoneka ndi maso timene timamera pakhungu la munthu. Timadya kachikopa kouma ka pamwamba pa khungu, tsitsi ndi zikhadabo. Sitilowa m'magazi a munthu wathanzi, ndipo n'chifukwa chake chipere sichipha, koma chimasowetsa mtendere.

Monga bowa, fangasi amakonda malo ofunda ndi achinyezi. Amabereka timbewu tating'onoting'ono timene timatsalira pa chipeso, lezala, chipewa, thaulo, bulangete ndi mphasa. Timbewuti timatha kukhala ndi moyo miyezi yambiri tikudikira khungu lina. Tikagwera pa munthu, chizindikiro chimaoneka pakapita masiku 4 mpaka 14. Pofika nthawi imeneyo munthu waiwala kale kuti anabwereka thaulo la mnzake, ndiye amayamba kuganiza zina: kuti mwina ndi chakudya chimene timalandira, mwina magazi ndi oipa, mwinanso wina wamuchita chipongwe. Ayi. Chipere sichibwera chifukwa cha nandolo kapena mafuta ophikira, si ufiti, ndipo dzina lake la Chingerezi likamatchula nyongolotsi musaganize kuti pakhungupo pali nyongolotsi. Mankhwala a njoka za m'mimba sachiza chipere.

Ndani amabwera ndi vuto liti?

Ukakhala pamzere wa kuchipatala nthawi yaitali umayamba kuona kuti msinkhu uliwonse uli ndi vuto lake.

Ana, makamaka a zaka 3 mpaka 14, amabwera ndi chipere cha m'mutu. Tsitsi limathothoka mozungulira, pamalopo pamatuwa ngati pawazidwa phulusa, ndipo nthawi zina pamaoneka timadontho takuda pamene tsitsi laduka. Ana ena sathothoka tsitsi kwenikweni, amangokhala ndi mfundu zambiri zosatha. Ena amatupa anabere kuseri kwa khutu kapena kukhosi. Mwana akatha msinkhu, mafuta achilengedwe a m'mutu mwake amasintha ndipo fangasi samera mosavuta. N'chifukwa chake akuluakulu sadwala kawirikawiri chipere cha m'mutu. Komabe wamkulu angathe kusunga timbewuti m'tsitsi popanda chizindikiro chilichonse n'kumapatsira ana.

Chipere cha pathupi chimagwira aliyense. Chimakhala chozungulira, m'mphepete mwake mokwera ndi moyabwa, pakati pake pooneka ngati pakuchira. Chimakula pang'onopang'ono chakunja. Amayi ambiri amachitenga pankhope, pakhosi kapena pamkono, malo amene mutu wa mwana umatsamira akamamunyamula kapena kugona naye.

Achinyamata, anyamata ndi atsikana omwe, amabwera ndi mawanga otuwa kapena oderako pachifuwa, pamsana, m'khosi ndi m'mapewa. Mawangawa sayabwa kwambiri, ndipo ukawakanda pang'ono amatuluka timamba tofewa ngati ufa. Amenewa amayamba ndi mtundu wina wa fangasi wotchedwa Malassezia, umene umakhala pakhungu la munthu aliyense. Umangochuluka kukatentha, thukuta likachuluka, kapena munthu akamadzola mafuta ambiri. Vuto limeneli silitengedwa kwa mnzako, choncho palibe chifukwa chomusalira munthu. Dziwaninso kuti fangasiyo akafa, khungu limatenga miyezi ingapo kuti libwerere mtundu wake.

Abambo ndi anyamata akuluakulu vuto lawo limakhala m'mphechepeche ndi kumapazi. Oumba njerwa, okwera njinga za kabaza, osewera mpira ndi olima madimba amakhala tsiku lonse ndi thukuta, atavala buluku lomwelo kapena nsapato za pulasitiki zosalowa mpweya. M'mphechepeche mumayabwa ndi kuda, pakati pa zala za kumapazi pamayera, pamanyowa ndi kung'ambika. Nthawi zambiri mavuto awiriwa amayendera limodzi, chifukwa munthu amakanda kuphazi kenako n'kukanda kwina, kapena kabudula wam'kati amakhudza phazi povala. Abambo ambiri amachita manyazi ndipo amabwera patapita miyezi, zitafika kale kumatako ndi pamimba. Ena amaopa kuti ndi matenda opatsirana pogonana ndipo m'banja mumayamba kukayikirana. Chipere cha m'mphechepeche chimatha kumugwira ngakhale munthu amene sanagonepo ndi wina aliyense.

Amayi amene manja awo amakhala m'madzi tsiku lonse, ochapa, otsuka mbale ndi ophika m'malo odyera, amatupa m'mphepete mwa zikhadabo. Ena khungu limafiira ndi kunyowa pansi pa mabere, m'khwapa ndi m'mapindi a mimba. Makanda amasupuka pamalo a thewera, kapena amakhala ndi zoyera m'kamwa zosachoka ukapukuta. Mavuto amenewa nthawi zambiri amayamba ndi fangasi wotchedwa Candida, amene naye amakhala m'thupi mwathu kale ndipo amachuluka pakakhala chinyezi kapena thupi likafooka.

Achikulire amabwera ndi zikhadabo za kumapazi zokhuthala, zosintha mtundu ndi zofumbutuka. Zimenezi ndiye zochedwa kuchira kuposa zonse, chifukwa chikhadabo cha kuphazi chimatenga chaka kapena kuposerapo kuti chimere chatsopano.

Nyengo nayo imasintha mzere wa kuchipatala. Kukayamba kutentha mu October mpaka mvula itatha cha mu April, mavuto a m'mphechepeche, a kumapazi ndi a mawanga amachuluka, chifukwa thukuta ndi lambiri, zovala siziuma ndipo nsapato zimakhala zonyowa. Chipere cha m'mutu chilibe nyengo, chimatsata kumene ana asonkhana ndi kumene ametedwa.

N'chifukwa chiyani zachuluka chonchi pakampu?

Matendawa ali paliponse padziko lapansi, ngakhale m'mizinda ya anthu olemera. Koma moyo wa pakampu uli ndi zinthu zingapo zimene zimawathandiza kufala.

Choyamba ndi kuthithikana. M'chipinda chimodzi mumagona anthu 6 kapena 8, ana anayi pa mphasa imodzi atafunda bulangete limodzi. Mitu ikamakhudzana usiku uliwonse, mwana mmodzi akadwala ndiye kuti onse ali panjira. Kusukulu nako ana amakhala mothinana.

Chachiwiri ndi madzi ndi sopo. Mayi akaima maola ambiri pamjigo n'kubwera ndi zigubu ziwiri, madziwo amayamba apita kophikira ndi kumwa. Kuchapa mabulangete kumadikira. Sopo akatha mwezi usanathe, yunifolomu imavalidwa sabata yonse. Uku si uve, ndi kusowa, ndipo palibe amene ayenera kunyozedwa nako.

Chachitatu ndi kubwerekana. Ife timakhala mothandizana, ndipo ndi khalidwe labwino. Koma chipeso chimodzi chimayenda nyumba zitatu, thaulo ndi limodzi banja lonse, ndipo makina ometera amodzi amadutsa mitu yambiri pa Loweruka limodzi osatsukidwa. Makinawo akadutsa pa chipere amatola timbewu, komanso amakanda pang'ono khungu la mwana wotsatira, ndiye timbewuto timapeza polowera.

Chachinayi ndi mabafa ogwiritsa ntchito anthu ambiri, amene pansi pake sipauma. Fangasi wa kumapazi amatengedwa pamenepo.

Ziweto nazonso zimatha kupatsira. Mphaka, galu, mbuzi kapena ng'ombe yokhala ndi zigamba zothothoka ubweya ikhoza kukhala ndi chipere. Komabe kuno ku Africa chipere chambiri cha m'mutu mwa ana chimachokera kwa munthu mnzathu.

Chomaliza ndi mphamvu ya thupi. Munthu wa matenda a shuga, amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, mwana wonyentchera, kapena munthu amene wamwa maantibayotiki nthawi yaitali, amagwidwa msanga ndipo amachira movutikira.

Nanga bwanji chimabwereranso?

Funso limene ndimamva kwambiri pamzere ndi lakuti: “Ndinapaka mankhwala, chinatha, bwanji chabweranso?” Zifukwa zake nthawi zambiri ndi zinayi.

Chifukwa choyamba ndi mankhwala olakwika. Pamsika ndi m'magolosale mumagulitsidwa timachubu tambiri ta mankhwala opaka. Tambiri mwa ito tili ndi mankhwala amphamvu otchedwa ma steroid. Mukatembenuza kachubu n'kuona mawu akuti betamethasone kapena clobetasol, dziwani kuti ndi amenewo. Amapezekanso m'mafuta ambiri oyeretsa khungu. Mukapaka, kuyabwa kumaleka mwamsanga ndipo chipere chimaoneka ngati chazilala. Koma chimene chachitika ndi chakuti mankhwalawo agoneka chitetezo cha khungu, ndipo fangasi akukula popanda womuletsa. Mukasiya kupaka chimabuka chachikulu kuposa kale, chosazunguliranso bwino, moti ngakhale dokotala amavutika kuchizindikira. Kupaka nthawi yaitali kumapepukitsa khungu ndi kusiya mizere yosatha. Ngakhale kachubu katalembedwa kuti kali ndi mankhwala a fangasi pamodzi ndi steroid, musagule nokha. Ku India, kumene mankhwala osakaniza otere akhala akugulitsidwa kwambiri popanda kalata ya dokotala, kwabuka mtundu wa chipere wosamva mankhwala ena odziwika, ndipo wafika kale kumayiko ena. Tisadzitengere vuto limenelo.

Pali zinanso zimene anthu amapaka: mafuta a buleki, asidi wa batire, palafini, mankhwala otsukira mano, adyo wosinja. Izi zimaotcha khungu. Chilonda chikapola munthu amaganiza kuti chipere chapsa, koma fangasi amakhala akadali m'mphepete, ndipo pamwamba pake pawonjezeka chipsera.

Chifukwa chachiwiri ndi kupaka pamene pamafunika kumwa. M'mutu, fangasi amalowa m'kati mwa tsitsi mpaka kumizu, kumene mankhwala opaka safika. Chipere cha m'mutu chimafuna mapiritsi. Amene amaperekedwa kawirikawiri ndi griseofulvin, ndipo mwana amamwa tsiku lililonse kwa masabata 6 mpaka 8, pamlingo umene dokotala wawerengera potengera kulemera kwake. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta, monga phala kapena ndiwo zotendera nsinjiro. Mayi woyembekezera sayenera kumwa griseofulvin. Ngati ndinu woyembekezera, mukufuna kutenga mimba, kapena mukumwa mapiritsi olera, muuzeni dokotala asanakulembereni. Zikhadabo nazonso zimafuna mapiritsi a miyezi ingapo.

Chifukwa chachitatu ndi kusiyira panjira. Chipere cha pathupi, cha m'mphechepeche ndi cha kumapazi chimachira ndi mankhwala opaka monga clotrimazole, miconazole kapena Whitfield. Amapakidwa kawiri pa tsiku, pakhungu lotsuka ndi louma, kupitirira pang'ono m'mphepete mwa chiperecho, kwa masabata 2 mpaka 4. Kuyabwa kumatha m'masiku ochepa, ndipo apa ndi pamene ambiri timasiya n'kusunga kachubu kuti tidzagwiritse ntchito tsiku lina. Pitirizani kupaka sabata imodzi kapena awiri khungu litayera kale. Chimodzimodzi mapiritsi: musagawire ana atatu mankhwala a mwana mmodzi, chifukwa onse atatu sachira. Ngati kuchipatala mwapatsidwa a masabata 2 okha, bwererani pa tsiku limene mwauzidwa ndi buku lanu la kuchipatala.

Chifukwa chachinayi ndi kuchiza munthu mmodzi m'nyumba ya anthu ambiri. Mwana amamaliza mankhwala bwinobwino, koma akugonabe ndi mchimwene wake amene ali ndi mfundu zosatha, akupesa ndi chipeso chomwe chija. Pakangopita mwezi chayambanso. Mmodzi akapezeka ndi chipere, yang'anani m'mutu ndi pathupi pa aliyense wa m'nyumbamo, ndipo onse amene ali ndi chizindikiro abwere tsiku limodzi.

Si zonse zoyabwa zili chipere

Pali matenda ena amene amasokonezedwa ndi fangasi, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Mphere zimayamba ndi kachilombo kokumba khungu. Zimayabwa kwambiri usiku, ndipo timatuza timatuluka pakati pa zala za kumanja, pamfundo za dzanja, pamchombo ndi kumatako. Mankhwala a chipere sachiza mphere.

Khate limayamba ngati banga lotuwa kapena lofiirira, losayabwa. Kusiyana kwake ndi uku: wina akakukhudzani pabangapo ndi kathonje inu mutatsinzina, simumva. Banga lotere lisapakidwe mankhwala a chipere miyezi ndi miyezi. Khate limachira ndi mankhwala a miyezi 6 kapena 12, operekedwa mwaulere, ndipo likadziwika msanga munthu salumala.

Nthawi zina fangasi ndi chenjezo la vuto lina m'thupi. Munthu wamkulu amene ali ndi zoyera m'kamwa, chipere chofalikira thupi lonse, kapena vuto lobwerezabwereza ngakhale akutsata mankhwala, ayezetse shuga ndi HIV. Izi sizikutanthauza kuti aliyense wa chipere ali ndi matendawa. Ambiri alibe. Koma kuyezetsa kumathandiza kudziwa msanga. Kwa a matenda a shuga, kachilonda ka pakati pa zala za kumapazi si kochepetsa, chifukwa tizilombo tina timalowera pamenepo mwendo n'kutupa.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mutu wa mwana watupa ndipo ukutuluka mafinya, ngati khungu lafiira, latentha ndi kupweteka, ngati thupi latentha, kapena ngati khanda likukana kuyamwa chifukwa cha zoyera m'kamwa. Chotupa cha chipere m'mutu si chithupsa, musachiboole kapena kuchitema.

Zimene tingachite ndi zochepa zimene tili nazo

Sitingakulitse zipinda zathu lero, koma pali zina zimene zili m'manja mwathu.

Dzuwa ndi laulere. Tsiku lililonse lopanda mvula tulutsani mabulangete, mphasa ndi mathaulo panja. Zovala, zipewa ndi mapilo a wodwala zichapidwe ndi sopo m'madzi otentha kwambiri ngati nkhuni zilipo, ziume bwinobwino, ndipo ngati pali simbi zisitidwe. Zovala za pakaunjika zichapidwe musanavale.

Mukasamba, pukutani bwino m'mphechepeche, m'khwapa, pansi pa mabere ndi pakati pa zala za kumapazi. Mapazi akhale omalizira. Ngati thaulo ndi limodzi, dulani chitenje chakale kuti aliyense akhale ndi kansalu kake. Lowani m'bafa mutavala mapatapata. Mukaweruka kuntchito vulani nsapato zotseka, muziike padzuwa. Kabudula wam'kati asinthidwe tsiku lililonse, ndipo asavalidwe asanaume. Khanda lisinthidwe thewera likangonyowa ndipo lizikhalako nthawi ina osavala.

Mwana wa chipere akhale ndi chipeso chake ndi chipewa chake. Zipeso za m'nyumba zitsukidwe ndi sopo ndi kuviikidwa m'madzi othira Jik pang'ono.

Abale athu ometa, inu muli ndi mbali yaikulu. Chotsani tsitsi lonse m'makina ndi burashi ndipo muwapukute ndi spiriti musanamete munthu wina. Lezala imodzi, munthu mmodzi. Mukaona chipere m'mutu mwa mwana, uzani kholo lake pambali, mwaulemu, kuti apite naye kuchipatala. Makolo nanu musaope kufunsa wometa kuti ayambe watsuka makina.

Aphunzitsi, mwana amene wayamba kumwa mankhwala angathe kupitiriza sukulu. Kumubweza kunyumba masabata 6 kumamutayitsa maphunziro popanda phindu. Chofunika ndi kuletsa kubwerekana zipeso ndi zipewa, ndi kuletsa ana kunyozana. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Madzulo ano, kusanade, itanani ana anu mmodzimmodzi panja pamene pali kuwala, muwayang'ane m'mutu, kuseri kwa makutu ndi pamsana. Mukapeza kanthu, musagule kachubu pamsika. Bwerani nawo kuchipatala pamodzi ndi buku lawo, ndipo ngati munapakapo kale mankhwala ena, tengani kachubuko kuti dokotala akaone. Palibe amene akakudzudzuleni. Ngati muli ndi vuto la malo obisika ndipo mukuchita manyazi, uzani mmodzi wa ife ongodzipereka kuti mukufuna kuonana ndi wachipatala wamwamuna kapena wamkazi, ndipo tidzayesetsa kukuthandizani mwachinsinsi. Amene simutha kuyenda, tumizani uthenga kudzera kwa mtsogoleri wa zoni yanu kuti tikuyendereni.